Tsiku Limene Sipanala Anakasaka Nyumba

Foni inalira Sipanala ali chigonere kuseri kwa firiji ya mwini butchala, mutu uli m'mawaya, miyendo ili panja. Dzina lakuti Sipanala anamupatsa ndi mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, chifukwa m'chikwama chake cha m'manja, m'malo mwa kagalasi ndi zopaka m'milomo, munkakhala sipanala, pulayala ndi tepi yakuda. Dzinalo linamukakamira moti ngakhale amayi ake omwe ankamuitana choncho.

Anapukuta dzanja pa ovololo n'kuyankha. Anali mayi wina wa mu ofesi ya fakitale ya mkaka ya mumzinda waukulu, kumene Sipanala anakachita intavyu mwezi wapitawo. Mayiyo ananena mwachidule kuti ntchito yosamalira makina oziziritsa mkaka yamugwera iyeyo, ndipo akayambe Lolemba la sabata yotsatira.

Sipanala anadzuka ndi liwiro n'kugunditsa mutu pa chitsulo, koma sanamve n'kupweteka komwe. Anatuluka panja akukuwa, manja ali m'mwamba. Mwini butchala anamuthamangira, mpeni uli m'manja.

"Chavuta n'chiyani? Magetsi akugwira?"

"Si magetsi, bambo! Ndi ntchito! Ntchito yandigwira!"

Kunyumba kunali chisangalalo. Amayi ake anavina pakhonde mpaka mpango unagwa. Mkulu wake anabwera akuthamanga, mwana ali kumsana, n'kumukumbatira ndi girisi yemwe. Mlamu wake anafika mochedwerapo, n'kuima pakhomo ngati bwana.

"Musaiwale kuti amene anatulukira luso la mwanayu ndine," anatero. "Malipiro oyamba ndikufuna nsapato."

Phokoso litachepa, amayi anakhala pansi n'kumuyang'ana mwana wawoyo.

"Ntchito tayimva. Nanga ukagona pati?"

Mumzindamo munalibe m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Amayi anayamba kuika malamulo pompo. Nyumbayo ikhale ya geti lokhoma. Ikhale pafupi ndi kuntchito kuti mwana wamkazi asamayende mtunda wautali yekha. Mkulu wake anawonjezera kuti lendi isamadye malipiro onse, chifukwa munthu sadya makoma. Mlamu, amene ankayendetsa kalole kokasiya mazira m'masitolo a mumzinda, anadziguguda pachifuwa.

"Mzinda umenewu ndimaudziwa ngati khonde la kwathu. Lachinayi ndikupita ndi mazira. Sipanala akwere. Pobwera adzakhala ali ndi kiyi m'manja."

Sipanala sanadikire Lachinayi. Anangokhalira pafoni, kufufuza m'magulu otsatsa nyumba, kuimbira uyu, kulembera uyo. Zithunzi zina zinali zokongola moti ankathamanga nazo kukaonetsa amayi ake. Pa onse amene anawaimbira, amene anamuyankha mokoma kwambiri anali ejenti wina wa mawu osalala, amene ankamutchula kuti madamu. Anagwirizana zokumana masana a Lachinayi lomwelo.

Ananyamuka m'mamawa. Kumbuyo kwa kalole kunali mathireyi a mazira osanjikizana mpaka pamwamba, choncho mlamu ankayendetsa ngati wanyamula mwana wakhanda. Sipanala ankangosuntha pampando.

"Alamu, pondani pang'ono. Nyumba zonse zitha."

"Nyumba sizisweka, mlamu. Mazira ndiwo amasweka."

Atalowa mumzinda anagwirizana kuti ayambe kaye aona nyumba ziwiri zitatu, mazira akasiye pambuyo pake. Nyumba yoyamba inali yotchipa kwambiri, ndipo atafika anadziwa chifukwa chake. Inali kachipinda kuseri kwa bala. Ngakhale kunali m'mawa, masipika anali akugunda kale moti malata ankanjenjemera. Chitseko chinkatsekedwa ndi msomali wopinda. Bafa linali limodzi la mabanja onse a pamalopo, ndipo panali mzere wa zidebe pakhomo pake. Mwini nyumba, bambo wa mimba yaikulu amene anavala vesiti yokha, anawalandira akutokosa m'mano.

"Nanga chitetezo chili bwanji kuno, bambo?" anafunsa Sipanala.

"Chitetezo? Si icho," anatero bamboyo akuloza galu woonda amene anagona pamthunzi. "Akuba amamudziwa ameneyu."

Mlamu anapita pafupi ndi galuyo n'kuwomba m'manja. Galu anatsegula diso limodzi, n'kulitsekanso.

"Zoonadi amadziwana," anatero mlamu. "Tiye, Sipanala."

Nyumba yachiwiri inamukopa mtima atangoiona. Inali mumpanda wa njerwa, ya utoto watsopano, mpopi uli m'nyumba momwemo. Sipanala anali atayamba kale kuona pamene adzaike bedi lake. Koma potuluka anasuzumira m'nyumba yoyandikana nayo, n'kuona kuti bedi, kabati ndi firiji zonse zakwezedwa pa njerwa. Anapereka moni kwa mayi amene ankachapa pakhomopo n'kuwafunsa chifukwa chake. Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza kamtsinje kamene kanali kuseri kwa mpanda.

"Mvula ikayamba, mwanawe, timaphika titakwera pa tebulo. Utoto watsopanowo n'ngobisa mzere wa madzi."

Yachitatu sanatsike n'komwe m'galimoto. Mlonda wa pageti atangotchula lendi yake, mlamu anafunsa ngati mtengowo unali wogulira nyumba yonseyo pamodzi ndi mlondayo.

Dzuwa linali litakwera. Sipanala anayamba kuda nkhawa, koma atakumbukira ejenti uja mtima unadumphanso. Anamupeza akuwadikira pamalo omwetsera mafuta. Anali mwamuna wamfupi, wovala jekete ndi tayi kunja kukutentha chonchija, nsapato zikuwala, mulu wa makiyi ukulira m'dzanja.

"Madamu, mwachita mwayi," anatero akuwerama. "Nyumba imene ndikukutengeraniyi, anthu akuilimbirana."

Anakwera nawo kutsogolo, onse atatu mothinana, n'kumalozera njira. Anadutsa msika, n'kukhotera mumsewu wa phula wa mitengo m'mbali. Munali telala, saluni, kasitolo ka mankhwala, ndipo kumapeto kwake kunali nyumba yosanja. Pansi pake panali sitolo ya utoto, misomali ndi maloko. Pambali pa sitoloyo panali geti lachitsulo, ndipo kuseri kwa getilo kunali masitepe okwera pamwamba.

Ejenti anatsegula geti, anakwera, n'kutsegulanso chitseko chochindikala cha kumanzere. Sipanala analowa n'kugwira pakamwa. Munali balaza lowala bwino, khitchini ya sinki, bafa lamkati, zipinda ziwiri, ndi kakhonde ka pamwamba kokhala ndi maluwa m'zitini. Mazenera onse anali ndi zitsulo. Pabalaza panali mipando, wailesi yaikulu ndi makatani obiriwira.

"Koma muno muli anthu," anatero mlamu.

"Akusamuka, bwana," anayankha ejenti mwamsanga. "Awasinthira kutali kuntchito kwawo. Loweruka katundu yenseyu achoka. Taonani, chipinda ichi atulutsamo kale zonse."

Chipinda chachiwiricho chinalidi chopanda kanthu, chosesedwa bwino. Sipanala anatsegula mpopi wa kukhitchini, madzi n'kutuluka mwamphamvu mpaka kumuthira pa bulauzi. Anayatsa magetsi n'kuzimitsa. Anagwedeza zitsulo za m'mazenera, koma sizinasunthe. Kenako anatulukira pakakhonde kaja, n'kukuwa.

"Alamu! Alamu, tabwerani mudzaone!"

Kuseri kwa madenga a nyumba zina kunkaoneka matanki aakulu onyezimira. Anali matanki a fakitale ya mkaka. Munthu akanatha kupita kuntchito wapansi, tiyi asanazizire m'mimba.

"Lendi yake ndi zingati?" anafunsa Sipanala.

Ejenti anatchula mtengo. Unali wochepa kuposa wa nyumba ya kukamtsinje ija. Sipanala anafuna kulumpha.

"Vuto ndi limodzi lokha, madamu," anapitiriza ejenti akuyang'ana wotchi. "Pali banja lina likubwera ndi ndalama m'manja. Ine ndakukondani inuyo chifukwa mumalankhula mwaulemu. Mukanditumizira pafoni ya miyezi yoyambirira panopa, kiyi ndi wanu."

Sipanala anali nazo ndalamazo. Zinali zonse zimene anasunga pokonza mafiriji a anthu, kuphatikizapo zimene amayi ake ndi mkulu wake anamuwonjezera. Anatulutsa foni. Mlamu anakhosomola.

"Tiwaone kaye eni nyumba."

"Eni ake ali kunja kwa dziko, bwana. Zonse anasiyira ine."

"Nanga amene akusamukawo?"

"Ali kuntchito. Anthu otanganidwa kwambiri."

Sipanala anakokera mlamu wake kukhitchini n'kumunong'oneza mokalipa. "Alamu, musandiwonongere mwayi. Mwaona nokha zimene taona kuyambira m'mawa. Mukufuna ndikagone ndi galu uja?"

"Mlamu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyumba yotere pa mtengo wotere?"

"Inu mumadziwa za mazira basi."

Anabwerera pabalaza, ejenti n'kumutchulira nambala. Anailemba mwachimwemwe. Atadina, foni inayamba kuzungulira kufuna netiweki. Anaikweza m'mwamba, anapita nayo pazenera, koma inangozungulirabe.

Nthawi yomweyo panja panalira hutala. Kenako panamveka mapazi olemera akukwera masitepe, ndi mawu a munthu akuimba mokweza koma mosalongosoka. Pakhomo panatulukira mayi wamtali, wojintcha, atavala kapusi ndi magalasi akuda. Pa malaya ake panalembedwa dzina la sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Anavula magalasi n'kumwetulira.

"Eee, mwabwera? Mtsikana wake ndi ameneyu?"

Sipanala anapinda mawondo mwaulemu. "Ndine ndemwe, amayi. Zikomo kwambiri potisiyira nyumba yosamalika chonchi. Musadandaule, maluwa anuwa ngati simuwatenga ndiziwathirira."

"Kukusiyirani chiyani?"

"Nyumbayi. Paja akuti mukusamuka Loweruka."

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono, thupi lonse, n'kuyang'ana ejenti.

"Ndikusamuka? Ine? Ndikupita kuti, bambo iwe? Tandiuza, mwina ndiyambe kulongedza."

"Aticha, pali kusamvana pang'ono chabe," anatero ejenti akusunthira chakukhomo. "Madamuwa sanandimvetse."

"Anati nyumba yonse ndi yanga ndikalipira panopa," anatero Sipanala. "Anati eni ake ali kunja kwa dziko."

"Kunja kwa dziko! Eni ake ali pansipa akusakaniza utoto!"

Ejenti anawerama n'kuyesa kudutsa kunsi kwa mkono wa Aticha. Aticha anamugwira pakhosi pa jekete. Munthuyo anapotoza mapewa ngati nsomba, n'kuvuuka m'jeketemo, n'kutsika masitepe modumpha. Jekete inatsala m'manja mwa Aticha, mulu wa makiyi n'kugwera pansi. Aticha anathamangira pakakhonde.

"Mugwireni dobadoba ameneyo! Wakubayo! Wa tayiyo!"

Ejenti anadutsa pakati pa telala ndi saluni, tayi ikuuluka kumsana, n'kuzimirira mumsika. Amayi a musaluni anatuluka, ena tsitsi lili theka, akufunsa chimene chachitika.

Sipanala anayang'ana foni yake. Panali uthenga wakuti ndalama sizinapite, ayesenso. Anakhala pansi pomwepo pasimenti. Mlamu anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka misozi, atatsamira khoma.

"Maluwa ndiziwathirira!" ankabwereza. "Mayo ine, nthiti zanga! Ndikakawauza achemwali ako!"

"Alamu, mukakangonena, ndikaulula kwa achemwali za tayala lija munaphulitsa n'kubisa."

Aticha anaponya jekete pampando, anatunga madzi m'kapu n'kumupatsa Sipanala. Atapuma, Aticha anafotokoza nkhani yonse. Nyumbayo ankakhalamo ndi mng'ono wake, koma mng'onoyo anakwatiwa n'kutsatira mwamuna wake. Lendi inayamba kumulemera yekha. Popeza tsiku lonse amakhala pamsewu ndi ophunzira, anapempha mwamuna uja, amene ankakonda kuzungulirazungulira pasukulu pawo, kuti amupezere mkazi wapantchito woti atenge chipinda chopanda kanthucho, azigawana lendi. Anamupatsa kiyi kuti azionetsa chipindacho basi. Tsikulo anangobwera chifukwa anaiwala botolo la madzi.

"Ndine wopusa ine," anatero Aticha. "Kupatsa fisi kiyi wa khola. Makiyi onsewa n'kutheka ndi a nyumba za anthu ena. Ndikawasiya kupolisi pamodzi ndi jekete yakeyi, akaitenge yekha ngati ali mwamuna."

Kenako anamuyang'ana Sipanala kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ntchito yako ndi yotani?"

"Ndikuyamba Lolemba ku fakitale ya mkaka iyo. Ndimakonza makina oziziritsa."

"Mkazi wa zitsulo! Ndiye tafanana. Ine amuna amandiopa ndikakhala pampando wa kumanzere. Uli pabanja?"

"Ayi."

"Chibwenzi?"

"Chibwenzi chake ndi pulayala," analowerera mlamu. "Amayi, mtsikanayu ndikukutsimikizirani ndine. Samwa, sasuta, sayendayenda. Mkonono amaliza, koma wapansipansi, ngati firiji yabwino."

"Alamu!"

Aticha anaseka mpaka kapusi inagwa. "Mkonono si mlandu. Ine ndimaimba, ndipo anthu amati bola mkonono. Tamvera, mwanawe. Chipinda ndi icho wachiona. Khitchini, bafa ndi balaza n'zathu tonse. Lendi, madzi ndi magetsi timagawana pakati. Malamulo anga ndi ochepa. Geti la pansi likhale lokhoma nthawi zonse. Mlendo wamwamuna amathera pabalaza. Mbale sizigona m'sinki. Ukuti bwanji?"

Sipanala anafunsa lendi yeniyeni ya nyumba yonse. Aticha anaitchula. Sipanala anaigawa pakati m'mutu mwake, ndipo anaona kuti pa malipiro ake padzatsala ya chakudya, yotumiza kwa amayi, ngakhale yosunga. Pakamwa panatsala pang'ono kunena kuti eya, koma anadzigwira.

"Ndachikonda kwambiri, amayi. Koma musandione ngati wamwano. Ndikufuna ndiwaone eni nyumba ndi maso angawa, ndimve kuchokera pakamwa pawo."

Aticha anawomba m'manja. "Waphunzira msanga! Ophunzira anga akanakhala chonchi bwenzi ndilibe imvi. Tiye."

Anatsikira m'sitolo muja. Mwini nyumba anali mkulu wa imvi, wochepa thupi, manja ali mawangamawanga ndi utoto. Anali atamva kale phokoso lija, ndipo Aticha atamufotokozera anapukusa mutu.

"Akuti ndili kunja kwa dziko? Ine amene ngakhale kumsika sindifika chifukwa cha sitoloyi?" Anatembenukira kwa Sipanala. "Mwana wanga, nyumbayi ndi yanga, ndinamanga ndekha. Aticha akhalamo zaka zambiri, sitinakanganepo, kupatula za nyimbo zawo. Ngati akufuna ukhale nawo, ine ndilibe mawu. Koma dzina lako lilembedwe pa pangano, kuti nawenso ukhale ndi poimira. Ndipo lendi uzilipira muno, kwa ine, ndikupatse risiti. Osapatsa munthu wa tayi."

Sipanala anafunsa zonse zimene zinali kukhosi. Madzi amasiya kangati? Mkuluyo anati amasiya mwa apo ndi apo, koma pamwamba pali tanki. Nanga usiku kumakhala bwanji? Anati masitolo onse a mumsewuwo amasonkherana kulipira alonda, ndipo pamasitepe pali getsi losazima. Sipanala sanakhutire ndi mawu a mwini nyumba okha. Anakwera n'kukagogoda pa chitseko cha kumanja, moyang'anizana ndi cha Aticha. Anatsegula mayi wa mwana wakhanda, mkazi wa telala uja. Mayiyo anati iwo akhalapo nthawi yaitali ndipo sanabedwepo ngakhale sokosi pachingwe.

Atatsika, anapeza mkulu uja waika maloko awiri atsopano pa kauntala.

"La geti ndi la chitseko," anatero. "Munthu uja n'kutheka anadulitsa makiyi ena. Ndiitana kalipentala mawa."

"Musavutike, agogo," anatero Sipanala akutsegula chikwama chake. "Mungondibwereka sikuludiraiva yaikulu."

Anasaina pangano, analipira ya mwezi woyamba kwa mwini nyumbayo, netiweki n'kugwira bwinobwino ulendo uno. Kenako anapinda manja a bulauzi n'kusintha maloko onse awiri, Aticha atamugwirira chitseko, mkazi wa telala akuonerera. Atamaliza, Aticha anachotsa kiyi mmodzi wa geti ndi mmodzi wa chitseko n'kumuikira Sipanala m'dzanja.

Sipanala anawayang'ana makiyiwo, n'kuthamangira m'chipinda chopanda kanthu chija. Anaima pakati, anatambasula manja n'kuzungulira ngati mwana. Kenako anaimbira amayi ake.

"Amayi, ndapeza! Ya geti! Ya pamwamba! Fakitale ndikuiona pazenera pano!"

Amayi anafunsa mafunso motsatizana osadikira mayankho, kenako anati akufuna alankhule ndi mayi wa nyumbayo. Aticha anatenga foni n'kukhala pampando. Anayamba ndi moni, anafika pa za mwanayo, anadutsa pa za kuthamanga kwa magazi, mpaka anafika pa za amuna a masiku ano. Pomaliza amayi anamveka akunena kuti, "Ameneyo ndi mwana wanu tsopano. Akalakwa musachite kundiimbira, mukalipireni nokha."

Mlamu anali atakhala pa mpando wa Aticha, miyendo atatambasula, akumwa tiyi amene mkazi wa telala anabweretsa.

"Ndinanena ine kuti pobwerera adzakhala ndi kiyi m'manja," ankauza aliyense. "Ndikalonjeza ine ndalonjeza."

"Bambo," anatero mkazi wa telala ali pazenera, "kalole kali padzuwa apo n'kanu? Mwanyamula chiyani?"

Mlamu anadzuka ngati walumidwa ndi nyerere. "Mazira! Mayo, mazira a eni!"

Anatsika masitepe mofulumira kuposa ejenti uja, Sipanala akumutsatira, akuseka mpaka kulephera kukhoma geti lake latsopanolo.

Anasamuka Loweruka. Kalole kanabwera katanyamula matiresi, bedi lachitsulo, sutikesi, mapoto ndi bokosi la zida. Amayi anakakamira kubwera nawo. Anakwera masitepe akupumira m'njira, anagwedeza zitsulo za pazenera lililonse, anatsegula mpopi, anasuzumira m'bafa. Atafika pakakhonde n'kuona matanki aja, anangoti, "Chabwino," n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Mkulu wake anapachika katani ya maluwa imene anasoka yekha. Aticha ndi amayi anakumbatirana ngati anthu odziwana kalekale.

Lolemba m'mawa Sipanala anadzuka msanga. Anavala ovololo yatsopano ndi nsapato zachitsulo kutsogolo. Ankati apite wapansi, koma Aticha anakana.

"Tsiku loyamba mwana wa nyumba ino sangafike kuntchito ndi fumbi kumapazi. Ukwera galimoto ngati bwana."

Pansi panali kagalimoto ka sukulu kaja, chikwangwani chofiira kutsogolo ndi kumbuyo. Pa chiwongolero panakhala bambo wina wachikulire, wopuma pantchito, amene anali atangoyamba kumene kuphunzira. Anagwira chiwongolerocho ndi manja onse awiri ngati wina akufuna kumulanda.

"Aticha, mwati akuyendetsa ndi awa?" ananong'ona Sipanala.

"Usaope. Buleki ina ili kwa ine. Tiyeni bambo, giya yoyamba. Kalachi pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono ndati!"

Galimoto inadumpha ngati chule, inaima, inadumphanso. Telala anaimika makina ake kuti aonerere. Anayenda chomwecho, njinga zikuwapitirira, ana a sukulu akuwabayibitsa, mpaka anafika pa geti la fakitale. Pomwepo, pakati penipeni pa geti, injini inazima. Bamboyo anapotoza kiyi, koma galimoto inangokhosomola. Kumbuyo kwawo kunafika chithanki cha mkaka n'kuyamba kuliza hutala.

"Batire," anatero Aticha. "Pamafunika kukankha."

Sipanala anatsika n'kuika manja kumbuyo kwa galimoto. Mlonda wa pageti anabwera kudzathandiza. Bambo wina wovala majombo oyera ndi chipewa choyera, amene ankalowa wapansi, anaika chikwama chake pansi n'kugwira nawo. Anakankha onse atatu mpaka injini inadzuka, kagalimoto n'kuthawa kakudumphadumpha, dzanja la Aticha likubayibitsa pazenera.

Bambo wa majombo uja anapukuta manja, akupuma mwamphamvu, n'kuyang'ana ovololo ya Sipanala.

"Ndinu atsopano aja a ku makina oziziritsa?"

"Ndine ndemwe, bwana."

"Ine ndiye mkulu wa gawo lanu. Mphamvu ndaziona, muli nazo. Mumakhala kutali?"

Sipanala anatembenuka n'kuloza kuseri kwa madenga, kumene kakhonde ka maluwa a m'zitini kankaonekera.

"Apo, bwana. Pamwamba apo."

"Ndiye makina akavuta tizingokukuwirani. Tiyeni mukalandire jekete, m'kati muno mumazizira."

Sipanala anakonza chikwama chake paphewa n'kumutsatira.